Mau Akasowa Kumbuyo kwa Galimoto

Minibasi ikanyamuka m'mamawa pa depoti ya Zomba kulunjika ku Blantyre, dalaivala amatsegula wailesi asanafike n'komwe pa Thondwe. Okhala kutsogolo amamva nkhani za m'mawa, mauthenga a maliro ndiponso za nyengo. Koma kawirikawiri okhala pa mpando wa kumbuyo amangoona anzawo akupukusa mitu kapena akuseka, iwo osamva kanthu, mpaka wina amafunsa kondakitala kuti, "Kodi achimwene, akuti chiyani?" Vuto lomweli limapezekanso m'galimoto za mabanja. Agogo amene akhala kumbuyo amadandaula kuti sakumva, mdzukulu nadina batani lokwezera mau limene lili pafupi naye, koma osasintha kanthu.

Ena angayese kuti iyi ndi nkhani yochepa. Komatu wailesi ndiyo imauza wa paulendo kuti kumudzi kwagwa zovuta, kapena kuti mlatho wakokoloka kutsogolo. Pamene namondwe wa Freddy adasakaza chigawo cha kumwera m'mwezi wa Marichi 2023, anthu ambiri adamva machenjezo kudzera pa wailesi. Palinso china chimene chimapangitsa nkhaniyi kukhala yofunika. Mwini galimoto akaona kuti kumbuyo kwati zii, amathamangira kukagula wailesi yatsopano, nataya ndalama zambiri, koma vuto likadali pomwepo. Wina amalola munthu wosadziwa kulumikiza mawaya mwachisawawa, ndipo mapeto ake amakhala utsi ndi moto. Chikhalirecho nthawi zambiri wailesiyo imakhala ilibe mlandu. Cholakwa chimakhala pa njira imene mau amadzera popita kumbuyo, ndipo wofufuza mwadongosolo, kuyambira pa zosalira ndalama, amachipeza msanga.

Njira ya mau

Wailesi ya m'galimoto idayamba kale. Paul Galvin ndi mbale wake Joseph adayamba kugulitsa wailesi zotchedwa Motorola mu mzinda wa Chicago m'chaka cha 1930, ndipo wailesi zoyambazo zinali ndi sipika imodzi yokha. Pamene Malawi Broadcasting Corporation inkakhazikitsidwa mu 1964, Zomba ali likulu la dziko, galimoto zimene zinali ndi wailesi zinali zowerengeka, ndipo mawaya ake anali ochepa. Galimoto ya masiku ano ili ndi masipika anayi, asanu ndi imodzi kapena kuposa apo. Galimoto zina zazikulu za mabanja, monga Toyota Alphard ndi Nissan Elgrand, zimabwera ndi mabatani kapena rimoti ya okhala kumbuyo, zina mpaka ndi kanema wa kudenga. Zipangizo zikachuluka, malo amene pangabuke vuto amachulukanso.

Munthu wa ku Zomba angamvetse bwino nkhaniyi poganizira za madzi. Madzi a m'tauni amachokera ku damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri. Mpopi wa pa nyumba ina ku Chinamwali ukauma pamene ku Matawale madzi akutuluka, palibe amene amakwera phiri kukaimba mlandu damu. Wanzeru amayamba waona mpopi wake, kenaka paipi ya pakhomo, kenaka ya mumsewu. Momwemonso ndi mau a m'galimoto. Moto umachoka ku batire, nudzera pa fyuzi, nufika ku wailesi ya kutsogolo. Kuchoka apo mau amayenda m'mawaya, m'galimoto zina amayamba adzera mu ampulifaya yobisika pansi pa mpando kapena m'buti, kenaka amafika ku masipika. Mabatani a kumbuyo ali ndi mawaya awoawo otumiza malamulo kutsogolo. Ngati masipika a kutsogolo akulira bwino, ndiye kuti damu lili ndi madzi, ndipo kofunika kuyang'ana ndi ku mapaipi opita kumbuyo.

Mawaya a kumbuyo ndiwo amavutika kwambiri chifukwa ndi ataliatali, amadutsa pansi pa kapeti pamene anthu amaponda, ndipo ena amalowa m'zitseko zimene zimatsegulidwa ndi kutsekedwa tsiku lonse. Nyengo ndi misewu ya ku Zomba zimaonjezera mavutowo. Phiri la Zomba limatalika mamita opitirira pang'ono 2,000, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti nkhungu ndi mvula yowaza ya chiperoni zimalowetsa chinyontho m'mapulagi mpaka kuchita dzimbiri. Galimoto yokwera ku Ku Chawe n'kupitirira pa misewu ya miyala yopita ku Chingwe's Hole kapena ku Emperor's View imagwedezeka kotero kuti chilichonse chomangidwa mosalimba chimamasuka. Yopita ku Kachulu m'chilimwe imadzaza fumbi, ndipo pobwerako madzi ochokera m'madengu a nsomba za ku nyanja ya Chilwa amatsikira pansi pa mipando. Yonyamula chimanga imaitana makoswe, amene amakonda kutafuna mawaya.

Kuyamba ndi makutu

Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Choyamba mwini galimoto aime pa malo abwino, azimitse injini, asiye kiyi pa malo pamene wailesi imayaka. Sayenera kuchita zimenezi galimoto ikuyenda, makamaka pa msewu wokhotakhota wa kuphiri pamene kuchotsa maso pamsewu kwa kamphindi kungagwetsere anthu kuphompho. Akatero akhale kumbuyo, amvetsere sipika iliyonse payokha, ndipo adziyankhe mafunso awa. Kodi yafa ndi sipika imodzi kapena zonse za kumbuyo? Kodi mau asoweratu kapena amabwera n'kumapita? Kodi masipika akulira koma mabatani okha ndiwo sakumvera? Kodi vutoli lidayamba liti: galimoto itatsukidwa, batire litasinthidwa, kapena wailesi ina itaikidwa?

Pafupifupi wailesi iliyonse ya m'galimoto ili ndi zogawira mau ziwiri. China, cholembedwa BAL, chimagawa mau pakati pa kumanzere ndi kumanja. China, cholembedwa FAD, chimagawa pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo. Mwana wosewera ndi mabatani, kapena wotsuka galimoto, angakankhire FAD kutsogolo kwenikweni, ndipo masipika onse a kumbuyo amangoti chete ngakhale ali amoyo. Kubwezera nambala pakati kumathetsa vutolo popanda kulipira tambala. Popeza galimoto zambiri za m'Malaŵi muno zidagwirapo kale ntchito ku Japan, malembo a pa wailesi amakhala a Chijapani. Foni ya m'manja yokhala ndi pulogalamu yomasulira malembo kudzera pa kamera ingathandize kupeza pamene pali FAD.

M'galimoto zokhala ndi mabatani a kumbuyo, opanga ambiri adaika batani kutsogolo loti dalaivala azitha kutseka mabataniwo kuti ana asamasokoneze. Batanilo likadinidwa mosadziwa, a kumbuyo amayesa kuti zawo zafa. M'galimoto zinanso, munthu akatsegula mbali ya kumbuyo kuti amvere payekha pa mahedifoni, masipika a kumbuyo amazima dala. Ngati pali rimoti, ayambe wasintha mabatire ake. Rimoti zambiri zimatumiza kuwala kumene maso a munthu saona, koma kamera ya mafoni ambiri imaona. Akaloza rimoti ku kamera nadina batani, kanyali kakutsogolo kwake kamaoneka kakuthwanima ngati rimotiyo ili yamoyo.

Ayeneranso kusiyanitsa vuto la mau ndi vuto la kugwira siteshoni. Mafunde a FM amayenda molunjika, ndipo phiri limawatchinga. Choncho wailesi ikamalira phokoso la mvula pa makona a msewu wa ku Ku Chawe, masipika alibe mlandu. Njira yotsimikizira ndi kuseweretsa nyimbo za pa foni, pa chimbale kapena pa kaseti. Kuonjezera apo, wailesi za ku Japan zidapangidwa kuti zizigwira kuyambira 76 mpaka 90 MHz, ndipo zatsopano zimafika pa 95, pamene masiteshoni a kuno ali pakati pa 87.5 ndi 108 MHz. N'chifukwa chake amisiri amaika kabokosi pa waya wa mlongoti kuti masiteshoni a pamwamba azimveka. Kabokosiko kakafa masiteshoni amasowa, koma amasowa kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Fyuzi

Zogawira mau zikakhala kuti zili bwino, chotsatira ndi fyuzi. Bokosi la mafyuzi limakhala pansi pa chiongolero kapena pafupi ndi batire, ndipo pa chivindikiro chake pamalembedwa ntchito ya fyuzi iliyonse. Zofunika pano ndi zolembedwa RADIO, ACC kapena AMP. Ngati wailesi ikuyaka ndipo kutsogolo kukumveka, fyuzi yake yaikulu ili bwino, koma ampulifaya kapena mabatani a kumbuyo angakhale ndi fyuzi yawo. Kawaya ka m'kati mwa fyuzi kakaduka kamaoneka poyang'ana pa dzuwa. Mphamvu ya fyuzi imadziwika ndi nambala yolembedwa pamwamba pake ndiponso ndi mtundu wake: yofiira ndi ya ma amp 10, yobiriwira ngati thambo ndi ya 15, yachikasu ndi ya 20, ndipo yobiriwira ngati msipu ndi ya 30.

Lamulo lake ndi limodzi: fyuzi yopsa ilowedwe m'malo ndi ina ya nambala yomweyo. Pali chizolowezi choipa chokulunga fyuzi yakufa ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, kapena kulowetsapo kawaya ngakhale msomali. Fyuzi idapangidwa kuti izifa m'malo mwa galimoto. Moto ukachuluka chifukwa mawaya agundana, kawaya kake kamasungunuka n'kudula njira. Msomali susungunuka. Chimene chimatentha ndi waya wa pansi pa kapeti, pamene pali thonje, mphira ndi fumbi, ndipo m'minibasi yodzaza okhala kumbuyo ndiwo amatuluka pomalizira. Fyuzi yatsopano ikapsanso nthawi yomweyo, kawirikawiri ndiye kuti pena pake waya wasupuka ndipo wakhudza chitsulo. Pamenepo kuikapo fyuzi yaikulu ndi kuputa ngozi.

Mawaya ndi mapulagi

Mau amene amabwera n'kumapita, makamaka galimoto ikagunda m'maenje, amasonyeza waya woduka m'kati kapena pulagi yomasuka. Malo oyamba kukayikira ndi pamene mawaya amachoka m'thupi la galimoto kulowa m'chitseko. Pamenepo amadutsa m'kathumba ka mphira ndipo amapindika nthawi iliyonse chitseko chikatsegulidwa. Pakapita zaka, mkuwa wa m'kati umathothoka ngakhale chikopa cha kunja chikuoneka chabwino. Mwini galimoto atsegule wailesi, kenaka azitsegula ndi kutseka chitsekocho pang'onopang'ono, kapena agwedeze kathumbako ndi dzanja. Mau akamadukaduka motsatira kugwedezako, malo a vuto apezeka.

Kenaka ayang'ane mapulagi a pansi pa mipando ndi a kuseri kwa mabatani a kumbuyo. Pulagi imene yalowa madzi imachita dzimbiri lobiriwira kapena loyera ngati ufa. Aichotse mosamala, aipukute ndi mswachi wakale wa mano ndi sipiriti pang'ono, aisiye iume, kenaka aibwezere mpaka imveke kuti yagwira. Waya woduka alumikizidwe powotcherera ndi mtovu ndi kukutidwa bwino. Kungopota mawaya awiri ndi zala n'kumangapo pepala la pulasitiki kumagwira ntchito kanthawi kochepa chabe.

Wailesi zogula padera zimatsata mitundu yodziwika ya mawaya. Woyera ndi wa kutsogolo kumanzere, wotuwa ndi wa kutsogolo kumanja, wobiriwira ngati msipu ndi wa kumbuyo kumanzere, ndipo wa pepo ndi wa kumbuyo kumanja. Uliwonse uli ndi mnzake wa mtundu womwewo wokhala ndi mzere wakuda. Wofiira ndi wachikasu ndi a moto, wakuda ndi wopita ku chitsulo cha galimoto, umene amisiri amautcha earth. Koma mawaya amene adabwera ndi galimoto kuchokera ku fakitale ali ndi mitundu yawo, yosiyana malinga ndi kampani, kotero kuti kulumikiza mongofananiza mitundu kumasokeretsa. Chinanso choyenera kudziwa n'chakuti pa wailesi za masiku ano waya wa sipika suyenera kukhudza chitsulo cha galimoto ngakhale pang'ono. Ukakhudza, wailesi zambiri zimadziteteza pozimitsa mau onse, ndipo zina zimapsa.

Sipika yeniyeni

Sipika ili ndi pepala lolimba lozungulira, kawaya kopota ndi maginito. Chinyontho chimafewetsa pepalalo, kutentha kumaumitsa mphira wa m'mphepete mwake, ndipo kukweza mau mopyola muyezo kumatentha kawayako. Sipika yong'ambika imalira ngati chitini, pamene yopsa siilira konse. Poyesa, munthu achotse mawaya onse awiri pa sipikayo, atenge batire la tochi la volti imodzi ndi theka, nakhudzitse nsonga zake ku mapazi awiri a sipika kwa kamphindi kochepa. Yamoyo imagwedezeka n'kumveka kuti phu. Kuyesa kumeneku sikuyenera kuchitidwa pa timasipika tating'ono ta mau opyapyala, chifukwa timapsa msanga. Amene ali ndi mita yoyezera magetsi adzapeza kuti sipika wamba ya m'galimoto imaonetsa ma ohm apakati pa 3 ndi 4. Njira ina yosalira chida ndi kusinthanitsa: sipika ya kumanzere ipite kumanja, ya kumanja ibwere kumanzere. Vuto likasamuka pamodzi ndi sipika, yafa ndi sipikayo. Likatsala mbali yomweyo, cholakwa chili m'waya kapena kutsogolo.

M'maminibasi muli vuto lina lodziputira. Pofuna kukopa okwera, ena amalumikiza masipika awiri kapena atatu pa waya umodzi. Masipika awiri a ma ohm 4 akalumikizidwa mogundizana motero amasanduka a ma ohm 2, ndipo amakoka moto woposa umene wailesi idapangidwira. Wailesiyo imatentha, mau amazima galimoto ikayenda mtunda pang'ono, nabweranso ikazizira. Potsiriza mbali ya kumbuyo imapseratu. Wofuna masipika ambiri ayenera kuika ampulifaya yoyenera yokhala ndi fyuzi yake pafupi ndi batire.

Mabatani osamvera

Masipika akamalira bwino koma mabatani a kumbuyo osagwira ntchito, funso loyamba ndi lakuti kodi timagetsi take tikuyaka. Ngati sitikuyaka konse, moto sukufika, ndipo mwini galimoto abwerere ku fyuzi ndi ku pulagi. Ngati batani limodzi lokha ndilo lavuta, kapena likufuna kudinidwa mwamphamvu, kawirikawiri chimakhala fumbi, thukuta kapena zakumwa zotsekemera zimene ana adatayira. Kupukuta ndi sipiriti kumathandiza. Madzi, mafuta a injini ndi palafini siziyenera kuthiridwamo.

Koma pali chifukwa china chimene chimazunguza anthu ambiri. Popeza wailesi ya Chijapani imavuta kuwerenga ndipo siigwira masiteshoni onse, eni galimoto ambiri amaichotsa n'kuikapo ina. Mabatani a kumbuyo adapangidwa kuti azilankhulana ndi wailesi yoyambayo m'chinenero cha kampani yake, ndipo yatsopanoyo sichimva chinenerocho. Mabataniwo sadafe ai, angosowa wowamvera. Nthawi zina ampulifaya ya ku fakitale nayonso imaleka kuyaka chifukwa sikulandiranso lamulo loti idzuke, lomwe pa wailesi zogula padera limadzera m'waya wobiriwira ngati thambo wokhala ndi mzere woyera. Pa galimoto zina pamapezeka kachipangizo kolumikizira ziwirizi, pa zina palibe. Motero wofuna kusintha wailesi afunse mmisiri ntchito isanayambe ngati za kumbuyo zidzagwirabe ntchito, pakuti safunsa adadya phula.

Ampulifaya yokhala pansi pa mpando ndiyo imayamba kumira galimoto ikawoloka madzi ambiri kapena ikatsukidwa ndi paipi m'kati. Kapeti ikanyowa iyenera kutukulidwa kuti iume wailesi isanatsegulidwe. Ndipo ngati m'masipika mukumveka kamluzu kamene kamakwera injini ikamathamanga, kawirikawiri waya wa earth ndiwo wamasuka kapena wamangidwa pa malo a dzimbiri kapena a penti. Pamalopo papalidwe mpaka chitsulo chiwale, kenaka waya amangidwe zolimba.

Pamene mwini galimoto ayenera kulekera

Pali zinthu zimene munthu wosaphunzira ntchitoyi sayenera kukhudza. Pansi pa mipando ndi kuseri kwa chiongolero kuli mapulagi achikasu ndi mawaya okutidwa ndi chikasu. Amenewo ndi a matumba a mpweya oteteza anthu pa ngozi, ndipo ndi osiyana ndi waya wachikasu wa wailesi yogula padera. Kuwakhudzitsa batire la tochi kapena mita kungaphulitse thumbalo pamaso pa munthu. Chachiwiri, n'kwanzeru kuchotsa waya wa batire wa mbali ya chizindikiro chochotsera asanayambe kudula kapena kulumikiza mawaya, koma mwini galimoto adziwiretu kuti wailesi zina za ku Japan zikasowa moto zimadzitseka, ndipo zimafuna nambala yachinsinsi kapena kakhadi kake ka mapu kuti zitsegukenso. Chachitatu, galimoto zazing'ono zimagwiritsa ntchito mavolti 12, koma mabasi akulu ndi malole ambiri ndi a mavolti 24. Wailesi ya 12 ikalumikizidwa ku 24 imapsa pomwepo, ndipo kutenga moto ku batire limodzi mwa awiriwo kumafooketsa batirelo msanga.

Zonsezi zikayesedwa koma vuto osapezeka, nthawi yopita kwa mmisiri wa zamagetsi a galimoto yakwana, ndipo amisiri otere alipo m'tauni ya Zomba monganso m'maboma ena. Mwini galimoto amene wafufuza kale amafika ndi mau omveka, monga akuti sipika ya kumbuyo kumanja imaduka chitseko chikatsegulidwa, kapena akuti fyuzi ya AMP yapsa kawiri. Zimenezi zimafupikitsa ntchito ndi kuchepetsa mtengo. Mmisiri wabwino amayamba wayeza ndi mita asanadule waya, amaonetsa mwini galimoto chimene chafa, ndipo amam'bwezera chipangizo chakalecho m'manja. Amene wangomva dandaulo n'kunena kuti pakufunika wailesi yatsopano, asanatsegule ngakhale bokosi la mafyuzi, ndi woyenera kumukayikira.

Dongosolo lake tsono ndi ili: kumvetsera, kuona zogawira mau, fyuzi, mawaya ndi mapulagi, sipika, mabatani, ndipo wailesi ndi ampulifaya zibwere pomalizira. Eni maminibasi ndi eni galimoto za mabanja angachite bwino kuyendera zinthu zimenezi mvula isanayambe mu Novembala, ndi kusunga mafyuzi angapo a nambala zoyenera m'galimoto, kuti uthenga wa pa wailesi uzifika kwa aliyense amene wakwera, kuphatikizapo wa pa mpando wotsiriza.